Tikufuna Kukaona Roma ndi Agogo, Tiyambire Pati?

FUNSO

Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leeds, ku England. Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga kangachepe kwa zaka ziwiri kuti tikaone mzinda wa Roma pa tchuthi cha ana cha kumapeto kwa Okutobala. Tili ndi mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 7. Mayi anga a zaka 71 akubwera kuchokera ku Balaka kudzationa, ndipo ndikufuna tipite nawo. Ndi Akatolika a mtima wonse, ndipo chionereni Papa Yohane Paulo Wachiwiri ku Blantyre mu 1989, nyimbo yawo ndi imodzi, yoti adzaponde ku Vatican maso ali kuona. Vuto ndi mawondo awo, sachedwa kutupa. Bambo a kunyumba alemba malo 19 oti tikaone m'masiku anayi, akuti ndalama zisapite pachabe. Ine mtima uli m'mwamba. Tiyambire pati, ndipo tisiye ziti?

Mayi wa ana awiri, Leeds

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, komanso chifukwa choganizira mayi anu chonchi. Za malo 19 aja ndiyankha, koma pali nkhani ina imene simunaitchule, ndipo ndi imene ingaphe ulendo wonse musanakwere n'komwe ndege. Ndi nkhani ya viza ya agogo.

Italy ili m'gulu la mayiko a Schengen, Britain mulibe. Aliyense wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, ngakhale akhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Inu, bambo ndi ana, ngati mukadali pa mapasipoti a kwathu, mukhoza kupempha muli konko chifukwa ndiko mumakhala. Agogo ayi. Munthu amene walowa ku Britain ngati mlendo kawirikawiri amauzidwa kuti akapemphere kudziko kumene amakhala, choncho viza yawo ituluke asananyamuke ku Malawi. Kazembe wa Italy amene amayang'aniranso Malawi amakhala ku Lusaka. Lemberani ku ofesi yake sabata ino, akuuzeni kumene agogo akapereke mapepala ndi kudinda zala. Pempho limalandiridwa kukali miyezi 6 ulendo usanachitike. Mu Juni 2024 mtengo wake unakwera kufika mayuro 90 kwa wamkulu. Pamafunikanso inshulansi ya zachipatala ya mayuro 30,000 kapena kuposa, ndi pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka m'dziko la Italy. Muonenso kuti viza yawo ya ku Britain ikuwalola kutuluka n'kulowanso. Ku Vatican kulibe viza yapadera, mumangowoloka msewu.

Tsopano za mndandanda wa bambo. Ndikuwamvetsa, ndalama ya thukuta imawawa. Inenso ndinali ndi mndandanda wotero chaka chimene ndinapita ku Roma ndi akazi anga, mwana wathu ndi apongozi anga aakazi. Lachiwiri m'mawa ndinawalowetsa apongozi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican, poti buku lililonse la alendo limati osaphonya. Kuchokera pakhomo kukafika ku Cappella Sistina ndi ulendo wautali wa m'makonde, chipinda ndi chipinda, anthu ali thithithi, pokhala posowa. Tinafika patatha maola awiri. Aliyense anali chagada kuyang'ana denga limene Michelangelo anajambula kuyambira 1508 mpaka 1512. Apongozi anapeza kampata pa benchi ya m'mbali mwa khoma, anakhala, n'kuvula nsapato imodzi. Lamba wa nsapatoyo anali atasiya mzere wozama pa phazi lotupa. Kudenga sanayang'aneko. Kutacha Lachitatu, tsiku loonana ndi Papa, analephera kutsika masitepe a nyumba imene tinkagona. Chimene anayendera ulendo wonse uja anachionera pa kanema, ali gone. Sanandidzudzule mpaka lero, ndipo kukhala chete kwawoko n'kumene kumandipweteka. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amene anagwa tsiku lija sanali ine wosankha, anali mayi wokalamba amene anangonditsatira mwaulemu.

Ndiye uphungu wanga ndi uwu: ulendowu muupime ndi mawondo a agogo ndi mimba ya mnyamata wa zaka 7. Chinthu chachikulu chimodzi pa tsiku, m'mawa. Masana kudya ndi kupuma. Madzulo kuyenda pang'ono kopanda tikiti. Kumbukirani kuti Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, ndipo kuchokera pamenepo mdima umayamba cha m'ma 5 koloko. Ndi nyengonso ya mvula. Misewu ya pakati pa mzinda inayalidwa timiyala takuda totchedwa sampietrini, tosalingana, toterera tikanyowa. Agogo muwagulire nsapato zotseka za mphira, azivale sabata ziwiri asananyamuke kuti zizolowere phazi.

Masiku anu anayiwo akhale ndi Lachitatu m'kati, ndipo Lachitatulo musalisanjikize ndi china chotopetsa. Lachitatu m'mawa Papa akakhala mu Roma amakumana ndi anthu pa bwalo la Petulo Woyera, kapena m'holo yapafupi nyengo ikavuta. Matikiti ake ndi aulere. Amaperekedwa ndi ofesi ya Prefettura della Casa Pontificia, mumapempha pasadakhale n'kukatenga madzulo a Lachiwiri. Wina akakuuzani kuti akugulitsani tikiti yoonera Papa, m'kanireni. Abambo mfumu a parishi yanu ku Leeds angakuthandizeni kulemba pempholo, ndipo muyambe mwaona pa intaneti ngati Papa Leo XIV adzakhalepo sabata imeneyo. Fikani m'mamawa, khalani kufupi ndi mpanda wa njira imene galimoto yake imadutsa, osalimbana ndi mipando ya kutsogolo. Ngati Lachitatu lakanika, Lamulungu 12 koloko masana Papa amaonekera pa windo kutsogolera pemphero la Angelus, ndipo apo sipafunika tikiti.

Tchalitchi chenichenicho, chimene zikwangwani zimalemba kuti San Pietro, mukalowe tsiku lina, chifukwa Lachitatu m'mawa chimakhala chotseka mpaka msonkhano wa Papa utatha. Kulowa n'kwaulere. Chimatsegulidwa 7 koloko m'mawa, ndipo amene walawira amadutsa pa chipikisheni cha achitetezo mosavuta, pamene wofika 10 koloko amapeza mzere utazungulira bwalo. Mapewa ndi mawondo akhale ophimbidwa, amuna ndi akazi omwe. Apa agogo sakusowa wowaphunzitsa, koma bambo asiye kabudula, ndipo m'chikwama mukhale chitenje chapadera cha mtsikana.

Pano ndipo ndikufuna muchedwepo. Tchalitchichi chinamangidwa zaka 120, kuyambira 1506 mpaka 1626, pamwamba pa malo amene Akhristu akale ankalemekeza ngati manda a Petulo. Mukangolowa, khoterani kumanja. Choyamba ndi Pietà, chosema cha Maria atanyamula mtembo wa mwana wake pamiyendo, chimene Michelangelo anamaliza mu 1499 asanakwanitse zaka 25. Mayi aliyense amene anakhalapo m'siwa safuna womufotokozera chosema chimenechi. Mukasuntha pang'ono, pa guwa lotsatira la Sebastiano Woyera, ndi pamene pagona Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Anamusamutsira pamenepo mu 2011, ndipo mu 2014 anatchulidwa kukhala woyera. Patsogolo pake pali mabenchi a anthu opemphera. Agogo anamuona munthu ameneyu ndi maso awo mu Meyi 1989, ali mayi wa ana aang'ono, mwina inu muli kumsana. Asiyeni akhale pamenepo mpaka anene okha kuti tiyeni. Musayang'ane wotchi. Muwauzenso kuti m'tchalitchi momwemu ndi mmene Papa Paulo VI analengeza mu Okutobala 1964 kuti amaritiri 22 a ku Uganda, a Karoli Lwanga ndi Kizito omwe mayina awo ali pa matchalitchi ndi masukulu kwathu, ndi oyera. Misa imachitika kangapo pa tsiku pa maguwa osiyanasiyana, ndipo kuli malo olapira m'zilankhulo zingapo, Chingerezi chomwe.

Agogo ali m'pemphero, bambo ndi mtsikana akakwere pamwamba pa denga lobulungira la tchalitchichi. Masitepe ndi 551, ndipo ngakhale mutakwera chikepe amatsala 320, opanikiza, khoma lopendekera. Agogo asayese n'komwe. Mnyamata mutuluke naye pabwalo akawerenge nsanamira 284 zimene mmisiri Bernini anazunguliza bwalolo. Mwala wautali wosongoka uli pakatiwo ndi wa ku Africa kuno. Unachokera ku Egypt m'masiku a mfumu Caligula, unaima m'bwalo la masewera chapafupi pomwepo, mmene mfumu Nero inaphera Akhristu, ndipo anausunthira pamene ulipo lero mu 1586.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zija, ine ndikuti agogo ndi mnyamata asalowemo. Ngati bambo mtima uli pomwepo, apite ndi mtsikana masana ena, atagula matikiti a nthawi yake pa intaneti. Agogo akaumirira kuti aone Cappella Sistina, chipinda chimene makadinala amasankhiramo Papa, pakhomo amabwereketsa mwaulere njinga za anthu ovutika kuyenda. Akhalepo basi, asachite manyazi, bambo akankhe.

Tsiku la ana likhale la Colosseo. Mfumu Vespasian inayamba kumanga bwaloli cha m'ma 72 Yesu atabadwa, mwana wake Titus n'kulitsegula mu 80, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Matikiti gulani pa tsamba lenileni la bwaloli kukali masabata. Amalembedwa dzina la munthu ndi ola lolowera, choncho tengani mapasipoti. Ana osafika zaka 18 salipira, koma tikiti yawo yaulereyo iyenera kutengedwa limodzi ndi yanu. Chikepe chilimo, funsani alonda. Mukakwera m'mwamba n'kuyang'ana pansi, mudzaona timakonde tambirimbiri pamene panali bwalo. Kale pamwamba pake panali matabwa othiridwa mchenga, ndipo m'munsimo ndi mmene ankasungira mikango, akambuku ndi nyama zina zogwidwa kumpoto kwa Africa, n'kuzikweza ndi zingwe kuti zitulukire mwadzidzidzi pakati pa bwalo. Mnyamata adzasangalala ndi nkhani ya mikangoyo. Musamubisire mbali inayo, yoti amene ankafera apa ambiri anali akapolo ndi akaidi, anthu a mayi awo, khamu likuombera m'manja. Lero pa Lachisanu Loyera anthu amachitira Njira ya Mtanda pamalo omwewa.

Tikiti yomweyo imalowetsanso ku mabwinja a Foro Romano ndi phiri la Palatino. Kumeneko njira ndi za miyala yokumbikakumbika, mthunzi wochepa. Ndi agogo, lowani pang'ono chabe kuchokera mbali ya Colosseo mpaka pa chipata cha mwala cha Titus. Yang'anani m'kati mwake chakumwamba: pasemedwa asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7 chimene analanda m'Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70. Munthu amene wakhala akumva za kugwa kwa Kachisi m'maulaliki moyo wake wonse adzaima pamenepo kukamwa yasa. Zotsalazo mukhoza kuzionera pamwamba, kuseri kwa bwalo la Campidoglio, osalipira kanthu.

Tsiku lina likhale longoyenda pakati pa mzinda, ndipo pamenepa malo anayi kapena asanu a pa mndandanda wa bambo adzalowa okha chifukwa ndi oyandikana. Yambani ndi Pantheon, imene ine ndimaikonda kuposa nyumba ina iliyonse mu Roma. Inamangidwa m'masiku a mfumu Hadrian cha m'ma 125, ndipo denga lake lobulungira, la mamita 43 m'mimba mwake, ndi la konkire yopanda chitsulo ngakhale chimodzi. Pakati pa dengalo pali chibowo cha mamita pafupifupi 9, chosatseka. Mvula ikagwa imalowa, n'kutsikira m'timabowo ta pansi. Auzeni ana atifufuze timabowoto. Nyumbayi inapulumuka chifukwa mu 609 inasandutsidwa tchalitchi, ndipo mpaka lero mumachitika Misa. Kuyambira Julayi 2023 akuluakulu amalipira polowa. Kuchokera apo Piazza Navona ndi pafupi, ndipo pali mabenchi. Kasupe wa Trevi, amene anamalizidwa mu 1762, amadzaza anthu moti masana agogo akhoza kungoona misana ya anzawo, choncho ngati mukumufuna pitani m'mawa kwambiri. Makobidi amene alendo amaponyamo amatoleredwa n'kuperekedwa ku bungwe la Caritas kuthandiza osauka a mumzindawo. Mnyamata mukamuonetse amphaka okhala m'mabwinja a Largo di Torre Argentina, malo amene Julius Caesar anabayidwira m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe. Masitepe otchuka a ku Piazza di Spagna mukhoza kuwasiya. Ndi masitepe basi, ndipo kuyambira 2019 kukhalapo pansi ndi mlandu wa chindapusa.

Madzi musagule. M'misewu muli mipope yachitsulo yoposa 2,000 yotchedwa nasoni, yotuluka madzi ozizira akumwa usana ndi usiku. Ukatseka kukamwa kwa mpopewo ndi chala, madzi amatumphukira m'mwamba pa kabowo kena, iwe n'kumwa osawerama kwambiri. Mwana wanga atazindikira zimenezi, panalibe mpope umene tinaudutsa osaima, malaya ali chonyowa, akuseka. Tikamakumbutsana za Roma lero, iye amayamba ndi mipopeyo.

Ngati pangatsale tsiku lina, muwafunse agogo. Pafupi ndi siteshoni yaikulu ya Termini pali tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, mmene anaikidwa Papa Francis atamwalira pa 21 Epulo 2025, pansi pa mwala wosakongoletsa wolembedwa dzina lake lokha. Kapena kwerani sitima yapansi panthaka ya B mukatsike pa Basilica San Paolo, kumene kuli manda a mtumwi Paulo. Kumeneko n'kwa phee, pansi ndi posalala, ndipo m'mwamba mwa makoma muli nkhope za Apapa onse motsatana, zoti ana angafufuzepo amene akuwadziwa. Mapanga a manda a Akhristu akale a ku Via Appia ndi ochititsa chidwi, koma masitepe ake ndi otsetsereka, si a mawondo otupa. Masana ake apatseni ana paki ya Villa Borghese, akapalase njinga ndi bwato, agogo atakhala pamthunzi.

Pogona, funani nyumba ya lendi ya masiku ochepa yokhala ndi khitchini, makamaka dera la Prati kufupi ndi siteshoni ya Ottaviano, kuti ku Vatican kukhale koyenda pansi. Musanalipire, funsani mwachindunji ngati nyumbayo ili ndi chikepe, ndiponso ngati pali masitepe musanafike pa chikepecho. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya. Pamakhalanso msonkho wa alendo wolipira usiku uliwonse, uwerengereni m'bajeti. Kuchokera ku bwalo la ndege la Fiumicino, sitima ya Leonardo Express imafika ku Termini m'mphindi 32, koma poti mulipo asanu ndi katundu, funsani takisi yaikulu pa mzere wa matakisi oyera a chilolezo. Mtengo wopita pakati pa mzinda ndi wokhazikika, unalembedwa pa chitseko. Wokuitanani m'kati mwa bwalo la ndege musamutsatire. M'mabasi ndi m'sitima zapansi mwana wosafika zaka 10 salipira akakhala ndi wamkulu, ndipo tikiti ya pepala muyenera kuidinda m'kamakina mukangokwera.

Khitchini ija ndi ya agogo. Munthu wa zaka 71 sangathe masiku anayi ndi pasta yokhayokha. Tengani kaufa ka mgaiwa kapena koyera m'chikwama, koma nyama ndi za mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo kuchokera ku Britain. Ufa ukatha, m'sitolo iliyonse muli ufa wa polenta, wachimanga, wachikasu komanso wokhakhala pang'ono, umene anthu a kumpoto kwa Italy amaphika ngati nsima yofewa. Agogo a ku Balaka mwina anamvapo za chakudyachi kwa ansembe a Montfort ochokera ku Bergamo amene akhala kumeneko zaka zambiri. Ndiwo zamasamba, nyemba, therere ndi nsomba mukazipeza ku msika wa Esquilino, kufupi ndi Piazza Vittorio. Masana idyani pizza al taglio, yodula ndi sizasi n'kuyeza pa sikelo, mumangoonetsa ndi manja kukula kwa chidutswa chimene mukufuna. Khofi womwa chiimire pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pampando. Malo odyera oyang'anizana ndi chipilala chotchuka, okhala ndi munthu woitanira pakhomo, adutseni, mukhote misewu iwiri. Ambiri satsegula chakudya chamadzulo isanakwane 7 koloko, choncho m'chikwama musasowe kanthu ka mnyamata.

Opisa m'matumba aliko, makamaka m'basi nambala 64 yochokera ku Termini kupita ku Vatican, ndi m'sitima zapansi pa nthawi yothithikana. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Njira ya amayi akwathu yomanga ndalama m'kathumba ka m'chiuno, m'kati mwa chitenje, ndi yabwino kuposa zikwama zonse za m'sitolo. Mwana aliyense ndi agogo akhale ndi kapepala kolembedwa nambala yanu ya foni ndi adiresi ya kumene mukugona. Nambala ya ngozi ndi 112. Mankhwala a agogo akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake enieni. Pa zipilala mudzakumana ndi anyamata a ku Africa ogulitsa zibangili, okupatsani moni ngati abale n'kufuna kukumangani kachingwe pa mkono. Moniwo yankhani, ndi ana a anthu ofuna chakudya kutali ndi kwawo, koma ngati simugula musatambasule mkono.

Bambo a kunyumba muwaonetse yankho lino mwaulemu, muwapemphe asankhe malo awiri pa amene atsala, akawaone okha kapena ndi mtsikana nthawi imene agogo akupuma masana. Sadzabwerera ndi njala.

Chomaliza, agogo sakupita okha. Amayi onse a mphakati wawo adzadziwa za ulendowu, ndipo aliyense adzayembekezera korona. Muwaimbire foni asananyamuke ku Balaka, alembe mayina papepala kuti pasadzakhale woiwalika. Makorona mukagule Lachiwiri madzulo m'timasitolo ta ku Borgo Pio, mutatenga matikiti aja, ndipo funsani mtengo wa khumi pamodzi. Lachitatu agogo awanyamule onse m'chikwama chawo, chifukwa dalitso limene Papa amapereka potseka msonkhano limafikanso pa makorona ndi mitanda imene anthu abwera nayo.